Ine Ndinkakalipa, Iye Ankajambula

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye pa shopu ya fotokope kuseri kwa yunivesite kuno ku Yogyakarta. Makina anali atatafuna mapepala anga, mwini shopu n'kumati vuto ndi mapepalawo. Ine Lintang ndine mwana wa ku Surabaya. Kwathu tikapsa mtima sitiyamba ndi kupepesa ngati anthu a kuno. Ndinawalalatira bambowo mpaka shopu yonse inangoti zii.

Potembenuka ndinapeza mnyamata kumbuyo kwanga, kukamwa kuli yasa.

"Mbak, mumayankhula bwino kwambiri," anatero, kunditchula achemwali mwaulemu wa kuno.

Ndinkatukwanatu, anzanga. Kutukwana kwenikweni...

Dzina lake linali Galih, wa ku Solo, chaka chomaliza, wophunzira za zilankhulo. Anthu a ku Solo mukuwadziwa: ukamuponda phazi, wopepesa amakhala iye. Anandigulira bakso, msuzi wa timipira ta nyama, tsiku lomwelo. Mwezi usanathe ine ndinali Dik, iye anali Mas, monga amaitanirana okondana kuno, ndipo mpando wakumbuyo wa njinga yake yamoto unali wanga.

Chimene chinandigwetsa n'chakuti ankamvetsera. Amuna ena ukayamba kukalipa amayang'ana kudenga. Galih ankavundikira foni yake patebulo n'kundiyang'ana m'maso mpaka ndimalize. Ndinafika powaimbira mayi anga kuti ndapeza mwamuna wosiya foni chifukwa cha ine. Ine, wophunzira za mabuku, amene ndalemba mayeso onena za atsikana opusitsidwa m'nkhani zakale.

Koma zifukwa zokalipira sizinkasowa. Ankachedwa. Anaiwala tsiku langa lobadwa. Tsiku lina ndinamupatsa rawon, msuzi wa nyama ya ng'ombe, amene mayi ananditumizira kuchokera kwathu, iye analawa n'kunena mofatsa kuti wa pa lesitilanti ya pakona ndiye wokoma. Rawon wa mayi anga! Tsiku limenelo ndinatchula makolo ake, agogo ake, ndi mbuzi za m'mudzi mwawo.

Ndikatopa ankafunsa timafunso. Akuti mawu amene ndangonenawo ndingawanenenso kwa mkulu wanga? Akuti atsikana onse a kwathu amatero kapena ine ndekha? Ndinkati mwamunayu akufuna adziwe banja limene akudzakwatirako. Za kafukufuku wake ankangoti ndi za ulemu m'Chijava, zotopetsa, ndisadzivutitse nazo.

Linafika tsiku loti afotokoze zimene wapeza pamaso pa aphunzitsi ndi ophunzira anzake. Anandiuza kuti ndisabwere, chipinda n'chaching'ono. Chibwenzi chanji chosabwera ndi maluwa pa tsiku ngati limenelo? Ndinagula maluwa, ndinavala bwino, n'kukhala kumbuyo kwenikweni kuti ndimudzidzimutse.

Wodzidzimuka ndinali ine.

Mutu wa kafukufuku unaoneka pakhoma: kakalipidwe ka mtsikana wa ku Surabaya akakhumudwa ndi chibwenzi chake. Galih anafotokoza mwaulemu kuti mawu anawajambula mobisa kuti akhale achibadwa, ndi kuti iye mwini ankatenga nawo mbali pa macheza. Kutenga nawo mbali, anzanga. Ndiye dzina la chikondi changa limenelo.

Kenako anasonyeza njira zimene ankamuputira mtsikanayo. Kuchedwa kunkatulutsa mawu ochepa. Kuiwala tsiku lobadwa kunkatulutsa misozi, imene akuti inali yosathandiza pa kafukufuku. Njira imene inabereka zipatso inali kunyoza chakudya cha mayi ake.

Anatsegula sipika. Mawu anga anadzaza chipinda, mbuzi zija n'kutulukamo imodzi imodzi. Anthu anafa ndi kuseka. Ine maluwa ali pamiyendo.

Bu Endah, mayi mmodzi mwa aphunzitsi oyesa, sanaseke. Anafunsa ngati mwini mawuwo anauzidwa pambuyo pake n'kuvomera.

"Anavomera, Bu," anatero Galih.

M'pamene maso a Galih anagwera pa ine.

Anzake ondidziwa anatembenuka. Ena anayamba kukweza mafoni, kudikira kuti mwana wa ku Surabaya aphulike. Ndikanakhala chete, Mas wanga akanakhoza mayeso, mwinanso tikanakadya bakso madzulo ake. Ndinaimirira, ndinawerama pang'ono monga amachitira kwawo ku Solo.

"Pepani, Bu. Mwini mawuwo ndine. Palibe anandifunsa."

Basi. Sindinawonjezere ngakhale mbuzi imodzi.

Bu Endah anamuuza pomwepo kuti afufute zonse, akafunefune mutu wina, ayambirenso.

Galih anandipeza poimika njinga, thukuta lili kamukamu. Akuti ndimumvetse. Akuti kafukufuku wabwino amafuna munthu asadziwe, chifukwa akanandiuza ndikanayamba kusankha mawu. Akuti dzina langa sanalitchule, anangolemba L.

"Dik, pofika mutu wachitatu wa kafukufukuyu ndinali nditakukonda zenizeni."

"Nanga mutu woyamba ndi wachiwiri ndinkagwirana manja ndi ndani, Mas?"

Kwa nthawi yoyamba anayang'ana kudenga ngati amuna ena onse, ngakhale kunalibe denga.

Amanditumizirabe mauthenga. Wadzulo akuti ndamuchedwetsa chaka chathunthu, koma wandikhululukira. Iye, kundikhululukira ine...

Za chibwenzicho musandimvere chisoni, anzanga, Yogyakarta sadzatha anyamata. Kungoti munthu akamamvetsera kwambiri muzimufunsa kuti mawu anu akukapita nawo kuti. Chimene chikundiwawa n'china. Sabata yatha wa njinga yamoto anandisokeretsa, n'kunditsitsa kutali ndi kumene ndinkapita, dzuwa likuswa mtengo. Ndinatsegula pakamwa monga mwa nthawi zonse, koma ndisanatulutse mawu ndinadzimva ndekha m'sipika muja, anthu akuseka. Ndinangoti zikomo, bambo, muyende bwino.

Ndinayenda wapansi njira yonse, ndikulira mwaulemu ngati mwana wa ku Solo.