Zenera la Bambo

Kunyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown, kuno kutsidya la nyanja, kumene ndimagwira ntchito, kunamwalira mayi wina wachizungu, ndipo abwana anandituma kulongedza katundu wake. M'kabati ndinapezamo chithunzi chojambula ndi pensulo. Chinali chipata chamiyala cha mzinda wakale wa ku Mangalande, chokhala ndi timazenera topapatiza. Chinkanunkha chinyezi. Ndinakhala pabedi.

Ndili mwana, bambo anga atapita ku Mangalande anatitumizira kalendala ya zithunzi zotere. Amayi anaimata pakhoma ndi phala, ndipo chaka chitatha sanaichotse. Ine ndinkayesa kuti bambo amakhala m'chipata momwemo.

"Amayi, zenera la bambo ndi liti?"

Amayi anali akusita. Osadzutsa n'komwe mutu, analoza lapamwamba. "Ilo."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndinkakwera pampando n'kugogoda zeneralo ndi chala. Linkandidandaulitsa kuchepa kwake. Munthu sakanatulutsapo mutu, ndiye ndinkati n'chifukwa chake bambo sakundiyankha. Tsiku lina ndinatenga lumo n'kulikulitsa. Kuseri kunali njerwa ndi chiswe basi. Amayi sanandimenye. Anangomatapo nyuzipepala, n'kutuluka panja.

Bambo anatchona, makalata nawo anasiya kubwera.

Chithunzi cha mayi uja ndinachiponya m'thumba la zinyalala monga anandiuzira abwana. Koma mwana wanga ali ku Zomba kwa achemwali, ndipo Lamlungu lililonse ndimamutumizira pafoni zithunzi za nyumba zokongola zimene sindinalowemo.