Ziro Amene Sanabwere

Nditachoka ku yunivesite osamaliza, ndinabwerera ku Livingstone ndi zinthu ziwiri, njala ndi matama. Ndinkakhala kwa alongo anga ku komboni ya Linda, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo nkhope ya alamu inali itayamba kundiuza kuti mlendo wakhalitsa. Ntchito ndinkaifuna ndi mtima wonse.

Mwayi unapezeka pa kasukulu ka madzulo kuseri kwa mashopu a mu Mosi-oa-Tunya Road, komwe anthu a ku njanji ndi makalaliki ankaphunzira masamu akaweruka. Mwini sukuluyo, bambo wamfupi wosaseka msanga, anati ndiphunzitse kamodzi iye akuonerera.

"Mukakwanisa, nchito ni yanu," anatero.

Phunziro linali integration by parts. Mabuku amaiphunzitsa mozungulira, koma ine ndinali ndi chidule chimene ndinaba ndi maso kwa mnzanga ku Lusaka. Umalemba mizere iwiri yotsika. Kumanzere umachita difarensheti mpaka ufike pa ziro, kumanja umachita intigireti, kenako umalumikiza mbali ziwirizo mopingasa, pulasi, mainasi, pulasi. Ziro akangotulukira, ntchito yatha.

Ndinayamba ndi x² eˣ. Kumanzere x² inasanduka 2x, kenako 2, kenako 0, yankho n'kutuluka anthu asanamalize kukopera funso. Kalasi inang'ung'udza mosilira. Mutu unandikula. Ndinaponya choko m'mwamba n'kuchiwakha, n'kuwauza kuti olemba mabuku amatalikitsa zinthu dala kuti mabuku anenepe.

Mayi wina wogwira ntchito ku banki anakweza dzanja.

"Ba teacher, nanga iyi ya mu past paper? eˣ sin x. Yanivuta maningi."

"Ni same same, amayi," ndinayankha ndisanaiyang'ane n'komwe.

Ndinaika sin x kumanzere. Inasanduka cos x, kenako mainasi sin x, kenako mainasi cos x, kenako sin x yomwe ija, ngati munthu woiwala chipewa. Ndinati ziro ali pafupi. Ndinawerama. Ndinanyonyomala. Bolodi litatha ndinagwada pa simenti n'kupitiriza kulemba pakhoma, thukuta la Okutobala likulowa m'maso. Mumtima ndinali nditadziwa kuti zavuta, koma kusiya kunkatanthauza kutembenuka n'kuyang'ana anthu aja. Ndinachita mantha, choncho ndinasankha kulembabe.

Mwini sukulu ndiye anandipulumutsa, ngati kumeneko n'kupulumutsa.

"Ba teacher, imani. Mukapitiliza so muzafika ku Zimbabwe, na passport mulibe."

Anthu anaseka mpaka kugwira mimba. Mayi wa ku banki yekha sanaseke, anali atakopera mokhulupirika mzere uliwonse mpaka wa pakhoma, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekako. Pakhomo bambo uja anandigwira chanza n'kunena kuti adzandiitana. Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo lake.

Yankho linandipeza m'njira, ndikuyenda wapansi kubwerera ku Linda. Pa mzere wachitatu funso lomwe lija linali litabwereranso, litangovala mainasi. Ndinayenera kuima pomwepo, kulitumiza tsidya lina la chizindikiro cha ikwo, n'kugawa ndi 2. Mnzanga uja mwina anazinena, koma ine ndinali nditanyamuka kale ndi theka la chidule. Kuthamanga si kufika. Ndinalankhula yankholo mokweza pamsewu, mayi wogulitsa tomato n'kusunthira kutali beseni lake.

Kunyumba alongo anga anali pakhonde ndi alamu. Asanafunse kanthu maso awo anagwera pa mawondo a buluku langa, oyera mbuu ndi fumbi la choko.

"Mpaka unagwada, koma bakukana?" anafunsa alongo anga.

Ndinayeza kutalika kwa nkhani ya sin x, n'kungogwedeza mutu movomera.

"Mwaona, atate ake?" anatembenukira kwa alamu. "Mwana anacita kugwada."

Alamu anapukusa mutu n'kundikankhira mpando. Alongo anga anamunyoza bambo uja sabata yonse kuti alibe mtima, ndipo ine ndinkawathandiza.