Tiyi wa Ba Sakala Chaka Chimene Madzi Analowa M'nyumba

Ba Sakala ndikawaganiza, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la makoko a malalanje akuuma pa malata, fungo lotsekemera koma lowawirako, losakanikirana ndi utsi wa mbaula ndi dothi la ku Kanyama likangonyowa. Anali mdala wa chipinda cha kumapeto pa nyumba za lendi zimene tinkakhala, wamtali, wowerama pang'ono, wopanda mkazi, wopanda mwana wobwera kudzawaona, ndipo komboni yonse inkawatcha Ba Kuki chifukwa anakalambira m'khitchini ya Amwenye ku Kamwala. Ine ndinali kamtsikana ka giredi folo. Amayi anandiletsa kuponda pakhonde pawo, ndiye ndinkaima pa chingwe cha zovala ngati ndikuanula, maso ali kwa iwo.

Tiyi wawo sanali wa timatumba toviika tija. Ankagula masamba enieni, akuda, ouma gwa, n'kuwasunga m'zitini zakale za mkaka wa ufa. Lamlungu masana ankatulutsa thireyi, n'kuthirapo masambawo, kenako jinja wouma wosinja, kenako makoko aja atawadula ting'onoting'ono, kenako udzu wina wonunkhira ngati ndimu umene anadzala m'ndowa yobooka pafupi ndi chitseko, n'kumasakaniza ndi nsonga za zala pang'onopang'ono, kununkhiza, kuwonjezera, kununkhizanso. Tsiku lina anandipeza ndikuwasuzumira.

"Iwe Esnati, vovala vauma kudala ivo. Bwela ununkhize."

Ndinathawa, zovala ndinazisiya pa chingwe pompo.

Chimene chinkaopsa anthu sichinali zitini zokha ayi. Madzi akawira, Ba Sakala ankaphula ketulo, kuthiramo masamba, kuiveka chipewa chakale cha ubweya, ndiyeno ankawerama, maso ali chitsinzire, milomo ikugwedezeka, kung'ung'udza zinthu zosamveka. Pa pompi azimayi ankaikamba nkhaniyo. Wina ati mwamuna wanji wosunga masamba m'zitini, wina ati amalankhula ndi ketulo, ketuloyo n'kumayankha. Bana Mwila okha, mayi wa Chibemba wa chipinda chapakati, ndi amene ankaseka: "Ngati ni mankhwala, nanga bwanji sanazipezele mukazi? Mankhwala yabwanji yamene yasiya mwine wake azichapila yekha?"

Amayi sankaseka nawo. Mwana amene anabadwa pambuyo panga anamwalira asanathe mlungu, ndipo mneneri wina wa pa tchalitchi cha matenti anawauza kuti linali dzanja la munthu wa pabwalo lomwelo. Sanatchule dzina. Ndiye kwa amayi aliyense anali dzanja limenelo. Mbale ya mnzawo sankadya, madzi a mnzawo sankamwa, ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, munthu akangotembenuka n'kundinong'oneza kuti ndikataye kuseri.

Mlongo wanga wamng'ono anabadwa mkati mwa dzinja, atate ali kutali ndi thiraki imene ankathandizira. Ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa pansi, pansipo ndi mwala, amangokhala, n'kumakwera, n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi. Chaka chimenecho anatilowera m'nyumba mpaka m'maondo mwanga. Tinakweza matiresi pa tebulo ndi pa njerwa, amayi n'kukhala pamwambapo ndi khanda. Thumba la makala linanyowa lonse. Moto unakana. Bana Mwila anabweretsa phala atalinyamula pamutu, amayi anathokoza, ine ndinakataya, ndikulira, chifukwa njala inali itandigwira inenso. Madzi abwino a mu chigubu ankatha, ndipo amayi ankangonyowetsa milomo kuti ena atsalire ine.

Mkaka unayamba kuuma. Mwana ankayamwa, kusiya, kulira, kuyamwanso, kulira, kenako kulira kuja kunasanduka ngati kwa kamwana ka mphaka, kenako m'mawa wina kunangoti zii. Ankapuma, ndinaika khutu ndinamva, koma pa liwombo panali patalowa, ndipo maso ankangowatsegula theka. Amayi ankamuyang'ana osaphethira. Ndinawauza kuti tipite ku kiliniki, iwo ati njira ili ndi maenje obisika m'madzi, ati ndi ndani atiperekeze, ati onsewa akungodikira.

Ndi m'mawa womwewo pamene ndinamva khuvu khuvu m'madzi. Anali Ba Sakala, atavala majombo, mbaula yoyaka ili m'dzanja limodzi, thumba la zitini lili pakhosi, ketulo ndi chigubu zili m'dzanja linalo. Chipinda chawo chinali chokwera, makala awo anali ouma. Anaima pakhomo, sanalowe, chifukwa mchombo wa mwana unali usanagwe ndipo mwamuna wakunja salowa m'nyumba yotero.

"Odi, amake Esnati. Mwana wanu sininamumvele lelo."

Amayi anamufungatira mwana uja mwamphamvu. "Agona chabe. Zikomo, Ba Sakala, tili bwino."

"Awe, simuli bwino. Ine ninkhala chabe pano. Ngati mufuna kutaya, muzataya, koma muone na menso yanu."

Anasanja njerwa pakhomo, anaikapo mbaula, anathira madzi mu ketulo n'kuwasiya awire, awire, mpaka chivindikiro chikuvina, ati madzi a nthawi ya mvula safuna chifundo. Kenako anatsegula zitini chimodzichimodzi, chilichonse akuchipendeketsa kuti amayi aone mkati. Aya masamba a tiyi. Uyu jinja. Awa makoko, ati ena mwa iwo ndi a malalanje amene Esnati yemweyu anataya pabwalo. Uwu udzu wa m'ndowa. Anatapa ndi zala, anasakaniza pa chikhatho, anaphula ketulo, anathira, anaiveka chipewa chija. Ndiye anawerama. Maso anatseka. Milomo inayamba.

Amayi anakuwa, mawu amene sindinawamvepo, osasa, ouma:

"Mukamba chani? Mukamba na ndani pa nkhomo panga? Kambani mokweza!"

Ba Sakala anatsegula maso, anawayang'ana ngati munthu amene wadzutsidwa, kenako anachita manyazi, mdala wamkulu uja, mpaka anakanda kumutu.

"Ni nyimbo, amake Esnati. Ku nchito kwenze nkoloko pa chipupa. Kuno nilibe. Manje nimaimba. Nyimbo ikasila, tiyi yapya. Nikavundukula msanga ni manzi chabe, nikachedwa ibaba. Mau yanga ni yoipa, ndiye nimaimbila mukati."

"Imbani timve."

Anaimba. Zoona mawu awo anali oipa, ngati chitseko chadzimbiri, ndipo ankakwera pomwe nyimbo imatsika. Inali nyimbo yakale ya kutchalitchi, ya kwawo kum'mawa, yomwe anthu a m'tauni anaisiya. Ine sindinkaidziwa. Koma ndinaona nkhope ya amayi ikusintha, nsidze zikukumana, osati ndi mantha tsopano koma ndi kunyansidwa kwa munthu amene akumva chinthu chake chikuwonongedwa.

"Si mwamene ikambila iyo," anatero. "Mwalumpha pakati. Ndani anakuphunzisani?"

"Amai anga, ku Katete."

"Ndiye simunamvesese. Amai anga benze kuimba iyo posita unifomu yao ya ku chalichi."

Ndipo amayi anga, amene anali asanalankhule mokweza kwa masiku, atakhala pa matiresi pamwamba pa tebulo, madzi akununkha pansi pawo, anayamba kuimba nyimbo ija kuchokera poyambira, pang'onopang'ono, mawu akuthyoka, osalumpha kalikonse, ndime yomwe Ba Sakala anaiiwala n'kuiikamo, inanso imene sankaidziwa n'komwe. Mdala anamvetsera, dzanja lili pa chipewa cha ketulo. Amayi atamaliza, Ba Sakala anavundukula, ananunkhiza, anapukusa mutu.

"Onani manje. Mwaibabisa tiyi yanga. Yanu ni itali maningi."

Anathira mu kapu ya chitsulo, anaikamo shuga wambiri, anatakasa, ndipo asanapereke anamwa kaye iwo, kumeza kuti khosi lioneke, monga amachitira akuluakulu akamapatsa mlendo chakumwa. Anandipatsa ine kuti ndiwolotse. Ndinayenda m'madzi muja nditaigwira ndi manja awiri, ikundiotcha zala, ndikudziwa kuti mwina andiuza kuti ndikataye.

Amayi anaigwira nthawi yaitali. Anayang'ana kapu, anayang'ana mwana amene sankaliranso, anayang'ana mdala ali pakhomo m'majombo. Kenako anamwa. Anamwa osapuma, misozi ikugwera mukapu momwemo, n'kutambasula dzanja kuti awonjezere. Yachitatu anandipatsa ine. Tiyiyo anali wowawa zoona, jinja akuyabwa kukhosi, koma kutentha kwake ndinakumva kukutsika mpaka m'mapazi amene anali atachita dzanzi.

"Manje mverani," anatero Ba Sakala. "Iyi ni tiyi chabe, si mankhwala. Yakupasani mphamvu yoyenda. Mwana afunika ku kiliniki. Tiyeni."

Anatsogola ndi ndodo, akugogoda pansi pa madzi kufufuza maenje, amayi pambuyo pawo mwana ali pachifuwa m'kati mwa chitenje, ine nditagwira m'mphepete mwa chitenjecho, Bana Mwila n'kutitsatira atanyamula bulangeti pamutu, akutukwana mvula, akutukwana alandilodi, akutukwananso atate amene kunalibe. Ku kiliniki anamwino anamulandira mwana uja mothamanga, ndipo anagona kumeneko ndi amayi mpaka mkaka unabwerera. Anachira. Lero ndi kondakitala wa minibasi, mawu ake amamveka kuchokera kutsidya la msewu, ndipo akamakuwa choncho ine ndimakumbukira m'mawa umene anangoti zii.

Amayi sanapepese kwa Ba Sakala, sanali munthu wa mawu otero. Koma kuyambira pamenepo, tikagula malalanje ankasenda okha, mosamala, khoko lonse limodzi lozungulira, n'kundituma nalo ku chipinda cha kumapeto. Ndipo ndinkakhala pakhonde paja, akundiphunzitsa kuti jinja asapose masamba, kuti madzi aziwira okha masamba asanalowe, kuti ketulo ikavala chipewa usaivutitse. Anamwalira ndisanamalize pulayimale. Pa maliro awo, achibale anali ochepa, ndipo amene anayambitsa nyimbo anali amayi.

Ndikulemba izi mwana wanga woyamba ali ndi milungu yochepa, tili ku Chawama, bambo ake amachoka m'mawa kubwera madzulo. Ndinkaganiza kuti kwa Ba Sakala ndinatengako tiyi basi, koma kwa amayi ndinatengako mantha, onse, osatsalako. Ndimaika chala pamphuno pake akagona. Ndimagwira pa liwombo. Munthu akamuyang'ana nthawi yaitali ndimamuphimba, akanena kuti wanenepa ndimasowa mtendere tsiku lonse, ndipo anthu a pabwalo lino ndimawadziwa nsapato zawo ndi manja awo kuposa nkhope, chifukwa ndimawaonera pa mpata wa katani.

Dzulo masana kunagogoda mayi wa chipinda choyang'anana ndi chathu, amene ndakhala ndikumuona akutentha timasamba tina pa mbaula madzulo aliwonse, n'kumazunguliza utsi pakhomo pake. Anali ndi jagi ya thobwa, ati ndamva mwana akuvuta kuyamwa, imwani mkaka ubwere. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinathokoza bwinobwino. Ndinamva miyendo yanga ikufuna kale kupita kuseri.

Ndiye ndinamufunsa kuti masamba amene amatentha aja ndi a chiyani. Anandiyang'ana, anaseka mpaka anagwira chitseko, ati ndi mpungabwi wothamangitsira udzudzu, udzudzu wa kuno sumva koyilo wa kusitolo.

Ndinatenga makapu awiri. Anamwa, ndinamwa, mpaka pansi. Kenako ndinamufunsa dzina lake.