Nyenyezi Zabodza za ku Makanjira

Ndili kwathu ku Makanjira, ndinayesa kujambula nyenyezi pamwamba pa mapiri, koma foni inangotulutsa mdima wokhawokha. Ndiye ndinatembenukira kunyanja n'kujambula nyali za asodzi a usipa. Chithunzicho ndinachitumiza pagulu la achibale la pafoni, n'kulemba kuti, "Nyenyezi za kumapiri kwathu." Onse anandiyamikira, ine osachita manyazi n'komwe.

M'mawa mwake amalume anga, omwe ndi asodzi, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Mphwanga, n'zokongola ndithu," anatero motsitsa mawu. "Koma nyenyezi yachitatuyi ndine, ndipo usipa sitinaphe."

Amalume sanauze munthu aliyense, ndipo ndimawathokozabe mpaka lero. Bodzali ndaliulula ndekha.