Kumvetsera Alamu mu Gemu Yoopsa

Achemwali anga atayimba foni kuchokera ku Zomba sanafunse n'komwe za sukulu. Anangoti, "Iwe, alamu ako Loweruka masana sakumayankha foni. Uli pafupi ndiwe, ukhale maso anga." Ndinayesa kuseka, koma iwo sanaseke. Anawonjezera kuti akangomva zoti kuli mkazi wina, banja latha, ankhoswe adzachita kumva pambuyo. Achemwali anga ndimawadziwa, sanena chinthu kawiri.

Nthawi imeneyo amuna awowo ankagwira ntchito yokonza makina osokera pa fakitale ina ya zovala ku Athi River, kufupi ndi Nairobi ku Kenya. Ine ndinali pa sukulu mu Nairobi, ndikukhala ku Hurlingham m'nyumba yomwe tinkachita lendi anyamata atatu, tonse ochokera ku Malawi. Ine ndi alamuwo tinkamvana, ndipo chilamu chathu chinali chonyozana. Iwo ankanditcha pulofesa wa njala, ine n'kumawabwezera kuti injiniya wa masingano. Kunena zoona, ntchito yomwe achemwali anandipatsayi inandinyansa, koma magazi ndi magazi.

Pasanathe masiku ambiri alamu anatulukira ku Hurlingham atanyamula kaphukusi. Munali disiki ya gemu, bokosi lake lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira. Ankadziwa kuti m'nyumba mwathu muli makina osewerera magemu omwe tinasonkherana atatufe. "Yatsopano iyi, alamu, yochokera m'shopu," anatero. "Yanga ndili nayo kale. Imaseweredwa ndi anthu awiri pa intaneti, inu kuno ine uko. Tiziyamba Loweruka masana." Ndinathokoza ndi manja awiri monga mwa mwambo, koma mumtima ndinati ehe. Mwa masiku onse a pa sabata, asankha lomwelo lomwe akazi awo akulidandaula. Ndinaona ngati munthuyu akufuna mboni yoti idzanene kuti Loweruka amakhala akusewera ndi ine.

Zaka zimenezo opanga magemu anali atatulukira kanjira kodyera anthu kawiri. Mu bokosi la disiki yatsopano ankaikamo kapepala ka manambala. Ukalowetsa manambalawo, khomo losewerera ndi anzako pa intaneti linkatseguka, koma manambalawo ankagwira ntchito kamodzi kokha. Wogula disiki yoti ina anagwiritsapo kale ntchito ankapeza khomolo lili lotseka, ndipo kuti alowe ankayenera kulipiranso kampani yomweyo, yomwe inali italandira kale zake kwa wogula woyamba. Ife tinakulira pa kaunjika. Ukagula jekete pamsika ndi lako lonse, palibe amene amakulondola kunyumba kuti ulipirenso mabatani. Zimenezi zinkandipsetsa mtima ngakhale zisanandigwere ine.

Alamu atapita ndinang'amba pulasitiki ija, n'kulowetsa manambala. Pa TV panatuluka mawu oti manambalawa anagwiritsidwa kale ntchito. Ndinabwereza mosamala, poganiza kuti mwina chala chaphonya, koma yankho linali lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mawa lake ndinatengera bokosilo kwa bambo wina wogulitsa magemu m'kashopu ka mumsewu wa Argwings Kodhek. Analitembenuza, n'kukanda m'mphepete ndi chikhadabo, n'kunena kuti, "Hii ni mtumba, boss," kutanthauza kuti ndi kaunjika. Anati pulasitiki aliyense atha kukutira, kenaka n'kuyamba kundinyengerera kuti ndigule kwa iye khadi lotsegulira khomo lija. Sindinamukhulupirire, chifukwa munthu wofuna kukugulitsa mankhwala amakupeza ndi matenda basi. Komanso alamu anga ndi munthu wodzimva, sagula ngakhale sokosi pa kaunjika. Ndiye ndinayamba kuluka nkhani yanga. Ndinati disikiyi anagula yatsopanodi, koma anagulira munthu wina. Munthuyo ndi amene anadya manambalawo, ndi amene ankasewera nawo Loweruka lililonse, ndipo atamva kuti ku Zomba kwayamba kufuka utsi, anaitenga n'kuikutanso kuti andinamize nayo ine. Munthu wokutira pulasitiki pa chinthu chakale amakhala akubisa kanthu.

Nditawayimbira alamu n'kuwauza za manambalawo, anaseka msanga kwambiri. "Aa, ndiye kuti analakwitsa kofakitale kwawoko. Musadandaule, alamu, ndikutumizirani ya khadi." Kenaka anayamba kufunsa za mayeso anga, chinthu chomwe anali asanafunsepo chiyambire. Ndinakana ndalama yawo. Khadilo ndinagula ndekha mtima ukuwawa, osati chifukwa cholakalaka gemu, koma chifukwa ndinadziwa kuti posewera timavala mahedifoni okhala ndi kolankhulira. Khutu langa likanakhala m'chipinda mwawo.

Gemuyo inali yoopsa, ndipo anthu amene anaipanga ndi mfiti zophunzira. Inkachitikira mu hotela yakale yosiyidwa. Sakupatsa mfuti, amangokupatsa tochi yomwe batire lake limatha pamene ukulifunitsitsa. Chinthu chomwe chikukusakacho suchiona bwino, umangoona chitseko chomwe unatseka chili chotsegula. Nthawi yambiri sipachitika kanthu, umangoyenda m'makonde aatali muli zii, mpaka umayamba kulakalaka kuti chibwere chikugwire zithe. Anthuwa ankadziwanso kuti awiri akakhala limodzi mantha amachepa, ndiye anapeza mankhwala ake. Ankatilekanitsa, wina kumtunda wina kunsi, ndipo aliyense ankamumvetsa zakezake. Ine ndinkatha kumva mapazi kumbuyo kwanga pamene alamu sakumva chilichonse. Mapeto ake umayamba kukayikira mnzako yemweyo amene wabwera kudzakuthandiza.

Loweruka masana anzanga ankapita ku mpira, ine n'kutseka makatani kuti dzuwa lisawale pa TV, n'kuvala mahedifoni. Zii wa mu gemuyo anandithandiza. Tsiku loyamba lomwe ndinamva sipuni ikugunda kapu. Patapita kanthawi ndinamva kutsokomola, chifuwa chopyapyala, chachikazi.

"Alamu, watsokomola ndani?"

"Kuno? Palibe. Ndi gemuyo imeneyo, pulofesa. Mwayamba kale kunjenjemera?"

Ndinati chabwino, tiona. Koma tili m'kati iwonso anafunsa ngati ndamva mwana akulira, pamene ine sindinamve kalikonse. Apa ndiye ndinasokonezeka. Mwina gemuyo inkawaliziradi mwana. Mwinanso anangopeka kuti ine ndikhulupirire zoti chifuwa chija chinali cha mu hotela. Ndinakwiya ndi alamu, ndinakwiya ndi opanga gemu amene ndinawalipira kuti azindinamiza m'makutu, ndinakwiyanso ndi achemwali amene anandisandutsa kazitape ndili ndi mayeso pamutu.

Chomwe chinkandisokoneza china n'chakuti alamu ankalongolola. Tikalowa m'khonde lalitali, iwo n'kuyamba nkhani. Ankanena za fumbi la simenti la ku Athi River lomwe limalowa mpaka m'mano, za ndiwo zamasamba za sukuma wiki zomwe zinali zitawakola, za mwana wawo wamng'ono amene pa foni anawafunsa kuti ndinu ndani. Ine ndinkaona ngati akuchita dala phokoso kuti aphimbe wina amene akuyenda m'chipindamo. Ndinkawadula kuti, "Khalani chete, alamu, chikubwera," iwo n'kukhaladi chete, ine n'kutchera khutu ku khoma lawo.

Lamulungu lililonse achemwali ankayimba. "Wapeza chiyani?" Nkhani ya chifuwa ija inkafika pakamwa, koma ndinkaimeza. Ndikanangoitchula, banja likanathera pomwepo, ndipo ine sindikanatha kulumbira kuti chifuwacho chinali cha munthu wamoyo. Ndinkangoti ndikufufuzabe. Tsiku lina anandiuza kuti ngati ndagulidwa ndi alamu anga ndinene, asamataye nthawi. Mawu amenewo anandipweteka, ndipo ndinaganiza zokaona ndi maso.

Loweruka lotsatira ndinawalembera uthenga alamu kuti netiweki ikuvuta, andidikire ndilowa posachedwa. Kenaka ndinakwera minibasi, yomwe kumeneko amati matatu, kupita m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Athi River. Kondakitala ankakuwa, "Wawili, wawili, twende!" kuitana anthu ena awiri kuti tinyamuke, pamene galimoto inali itadzaza kalekale. Mumsewu wa ku Mombasa munali malole okhaokha, ndipo tinkayenda ngati tikuperekeza maliro. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene ndikamupeza mkaziyo. Ndinkafuna ndikamupeze, ndinkafunanso ndisakamupeze.

Alamu ankakhala pa mdadada wa zipinda zamalata zoyang'anizana, pakati pali mpopi ndi zingwe zoyanikira zovala. Ndinali ndisanafikeko, koma anali atandilongosolerapo malowo, ndipo mayi wina amene ankachapa anandilozera chitseko cha Mmalawi. Chinali chotsegula pang'ono chifukwa cha kutentha. Ndinasuzumira ndisanagogode. Alamu anali atakhala pa chidebe chovundikira, mahedifoni kumutu, manja pa mawondo. Pa TV munthu wawo wa mu gemu anali atangoima pa geti la hotela ija, tochi ili yozimitsa, kudikira ine. Foni yawo inali itatsamira pa zenera.

Atandiona anadzuka mwachangu mpaka chingwe cha mahedifoni chinawakoka khosi. "Alamu! Mwabwera? Lowani, lowani!" Anasangalala ngati mwana, n'kuyamba kufunafuna pondikhazika. Koma maso anga anali atayamba kale ntchito yawo. Ndinaona kapu imodzi, mbale imodzi, bedi laling'ono la munthu mmodzi. Ndinaweramira pansi pa bedi ngati ndikumanga nsapato, n'kuonako masilipasi awo okha ndi sutikesi. Nditaweramuka ndinapeza akundiyang'ana, chimwemwe chija chitachoka.

"Mukufuna chiyani pansi pa bedi langa?"

Sindinafune kuzungulira. "Disiki ija munati yatsopano. Manambala anadya ndani?"

Anakhala pa bedi n'kupukusa mutu. "Ndikanamudziwa bwanji? Ndinagula kwa munthu wina wa pamsika ku Kangemi, zonse ziwiri, yanga ndi yanu. Yanga ndinalipiranso khadi ngati inu. Ndinaona kapepala kali m'bokosi lanulo, ndiye ndinkayesa kadakali kamoyo."

"Nanga pulasitiki?"

"Ndinakutira kuntchito, pa makina okutira malaya. Mlamu sapatsidwa kaunjika, inunso mukudziwa. Mukanakanena kumudzi kuti injiniya wa ku Kenya amapereka zotola."

Ndinafunsa za foni. Analoza pa zenera paja n'kunena kuti intaneti ya gemu imachokera pa foniyo, ndipo munthu akayimba zonse zimaduka, ndiye amaitseka pakamwa. Anati anayamba kusewera okha kalekale chifukwa Loweruka masana, makina akazima ku fakitale, amasowa mtengo wogwira. Gemu yoopsa inkawathandiza poti munthu ukamaopa chitseko suganiza za kwanu. Koma okha inawakulira, n'chifukwa chake anandifuna ine. Zonsezi zinkamveka, komabe mtima wanga unali usanagonje, ndipo ndinafunsanso za chifuwa chija. Anangotambasula manja. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali cha mu hotela kapena cha munthu wa kuseri kwa malata.

Kenaka iwo ndi amene anafunsa, mwaulemu womwe unandiopsa kuposa kukalipa. "Alamu, mwabwera nokha kapena mwatumidwa?"

Ndinaweramitsa mutu. Anavula mahedifoni aja m'khosi n'kuwaika pansi. "Ndiye masiku onse a Loweruka aja ndinkati ndikucheza ndi mlamu wanga. Mukamati ndikhale chete, ndinkayesa mukuopa." Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chilamu. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo ndinasowa poyang'ana.

Anatenga foni pa zenera, n'kuyimba ku Zomba, n'kuikweza mawu kuti tonse timve. Achemwali anayankha msanga, modabwa kuti amuna awo ayimba Loweruka masana.

"Amayi, mlonda munatumiza uja wafika. Ali pano, wayang'ana mpaka pansi pa bedi. Mufunseni."

Ku Zomba tinkangomva ana akusewera chapatali. Kenaka achemwali anafunsa ndi mawu otsika, osati kwa ine koma kwa iwo, "Muli ndi ndani kumeneko?"

"Ndili ndi mchimwene wanu. Chibwerereni kuno, ndi munthu woyamba kulowa m'nyumba muno."

Ndinamva achemwali akupuma mwamphamvu, ngati munthu amene watula mtolo koma msana ukumuwawabe. Alamu anali atagwira foniyo ndi manja awiri, akuyang'ana pansi. Ine ndinaima pakati pa chipindacho ngati mtengo, osadziwa ngati ndiyenera kupereka lipoti langa kapena ayi.

Kenaka achemwali anati, "Iwe, udakali pompo?"

"Eya, achemwali."

"Tuluka. Ndikufuna ndilankhule ndi amuna anga."

Ndinatuluka, n'kuwatsekera chitseko.