Mbaula Imene Ndinaiyamika M'Chizungu

Amuna anga amawotcherera zitsulo ku Heavy Industrial Area. Tsiku lina anabwera ndi mbaula yopanga okha, ya miyendo itatu, yokhala ndi zogwirira zosatentha manja. Ndinaikonda nditangoiona. Koma pakhomo panali amake Junior, aneba athu kuno ku Mtendere, ndipo sindinafune kuti andione ndikusekerera mbaula ngati mwana amene wapatsidwa switi.

"Muiona bwanji, amake Tiza?" anafunsa amuna anga, akupukutira manja pa ovolosi.

"Mm, not bad," ndinatero. Ndinawonjezeranso "it's okay," nditapotoza mlomo ngati bwana wa mu ofesi.

Kuno aliyense amadziwa kuti munthu akayankha choncho m'Chizungu, mtima sunakhutire. Chinthu chikatikomera timayamika m'Chinyanja, ndi manja omwe. Amuna anga anainyamula mbaula ija n'kukaiika kuseri kwa nyumba.

Masiku atatu ndinkangozungulira kuseriko, kuigwiragwira, ndikudziuza kuti mawa ndiyamika bwinobwino. Tsiku lachinayi ndinapeza palibe.

"Napasa ba neba, baikonda maningi," anatero amuna anga. "Imwe nizakupangilani ya very good."

Ya very good mpaka lero sinabwere. Ndikuphikirabe pa mbaula yakale yobooka pansi, yochirikiza ndi njerwa, ndipo makala akakana kuyaka ndimakapala moto kwa amake Junior, pa mbaula yanga yomwe ija.

"Amuna banu bali na manja, mwandi," amatero nthawi zonse.

Ndimavomera m'Chinyanja tsopano, koma amuna angawo amakhala ali kuntchito.