Misozi imene ndinadula ndi lumo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha injini yokana kulira. Ndinali nditamaliza Sitandade 6 kumishoni, ndipo anzanga onse anali atapita kale ku Joni ndi ku Halale. Ine chifuwa chinandikaniza. Dokotala wa olemba anthu a kumigodi anangondimvetsera kamodzi, n'kundiuza kuti ndibwerere kwathu. Tsiku lina ndikuyenda wayawaya padoko la Nkhata Bay, ndinapeza mzungu akutukwana kajenereta kuseri kwa shedi yake. Ndinapempha sipanala, ndinatsuka pulagi ndi petulo monga ndinkaonera amisiri a kumishoni, n'kukoka chingwe. Kanalira. Mzunguyo anachotsa kaliwo pakamwa n'kundifunsa m'Chinyanja chake chopindika, "Chizungu umamva?" Ndinati ndimamva. "Bwera mawa." Kulembedwa ntchito kwanga kunali komweko. Dzina lake lenileni ndilisiya, tonse tinkangoti Bwana Kaliwo.

Munali m'masiku a Chitaganya. Bwana Kaliwo ankaitanitsa mafilimu a ku Amereka, amene ankabwera pasitima ali m'zitini zafulati zomangidwa ndi lamba. Lachisanu ankaonetsa kukalabu ya azungu kumtunda. Loweruka masana ankaonetsa ife m'shedi muja, mawindo atatsekedwa ndi masaka. Anthu ankati bayisikopo.

Ine ntchito yanga inkayamba Lachinayi. Ndinkaika gudumu la filimu pachopukusira, dzanja lamanja likupukusa, chala chachikulu ndi chamkombaphala cha kumanzere zitagwira m'mphepete mwa filimu. M'mphepetemo muli timabowo timene mano a makina amakokera, ndipo kabowo kakang'ambika chala chimamva maso asanaone. Pamenepo umadula ndi lumo, n'kupala mbali imodzi mpaka payere, n'kupaka simenti ya filimu ndi kabulashi. Simentiyo ndi yamadzimadzi, fungo lake lolasa m'mphuno. Ukatero umapanikiza pakachitsulo kolumikizira n'kuwerenga mpaka makumi atatu. Ukafulumira, filimu imakudukira anthu ali m'kati moonera, ndipo mluzu wake suiwalika. Ndikatha kuyendera magudumu onse, ndinkatsuka galasi ndi kakhomo kodutsa filimu, kenako n'kuonera filimu yonse ndekhandekha kuti ndidziwe nkhani yake. Pajatu Loweruka ndinkachepetsa mawu a makina n'kumafotokozera anthu m'Chitonga, kudzera m'chitini chokhala ngati fanulo.

Ndisaname, ntchitoyi ndinkaikonda. Filimu imodzi ndinkaionera katatu, ndiye ndinayamba kuona zimene woonera kamodzi saona. Anthu aja a ku Amereka ankaidziwa ntchito yawo, abale. Munthu ankatha kungovula chipewa, osanena kanthu, iwe n'kudziwa kuti wakhululuka. Mayina awo ankativuta lilime, choncho tinkawapatsa athu. Panali Chipewa wokwera hachi, panali Kandevu wovina ngati alibe mafupa. Koma wondigwira mtima ine anali mayi wina amene anthu anamutcha NyaMaso. Ameneyo sankasewera ndi manja kapena kukuwa ayi. Nkhope inkangokhala phee, maso okha n'kumalankhula. Filimu yake ikabwera, Lachinayi ndinkaiwala kudya.

Panalinso ntchito ina imene sindinkauza anthu. Filimu ya Lachisanu sinali filimu ya Loweruka. Lamulo linali lakuti ife tisaone mzungu akupsompsonana, mzungu ataledzera, kapena dona asanavale mokwanira. Ati tingawachotsere ulemu. Tangoganizani! Amuna amene ankakhala pamabenchi aja anali ataphikira azungu ku Joni, atawachapira zam'kati, atawanyamula ataledzera kukawagoneka. Koma pachinsalu ayi, ndife ana. Ndiye Loweruka m'mawa ndinkadula zidutswazo, n'kuzikulunga papensulo, n'kuzisunga m'kachitini ka fodya. Lolemba ndinkazibwezeretsa filimu isanakwere sitima. Pamene padulidwa, pakamwa panga ndi pamene pankatseka dzenje. Ndinali katswiri pa zimenezo, ndipo ndinkadzitama nazo.

Tsopano ndinene za achemwali anga, NyaManda. Amuna awo oyamba anapita ku Joni ukwati uli ndi miyezi isanu, ndipo anakhala kumeneko zaka zisanu ndi zitatu. Kenako kunabwera kalata yolembedwa ndi mnzawo wa m'komboni, yonena kuti alamu anga anamwalira ndipo anaikidwa konko. Panalibe sutikesi, panalibe jekete, kalata yokhayo basi. Akuchimuna anaikana. Anati munthu safa papepala, ndipo maliro sanawakhale. Achemwali anadikirabe zaka ziwiri, kenako anakwatiwa ndi a Chirwa, kalipentala wa ku Chikale, munthu wofatsa. Apo ndi pamene anthu anatsegula pakamwa. Pamsika, pachitsime, ngakhale pakhomo la tchalitchi, nkhani inali imodzi: mkazi uja sanagwetse msozi ngakhale umodzi, anali ndi wina kale. Achemwali anasiya kugulitsa vinangwa pamsika. Ankatuluka m'nyumba popita kumunda ndi kutchalitchi kokha, ndipo kutchalitchiko ankakhala benchi yakumbuyo.

Lachinayi lina kunabwera filimu ya NyaMaso. Nditaionera ndekha m'shedi muja, ndinangoti kakasi. Mwamuna akupita kunkhondo, mkazi akumuperekeza. Kenako m'mawa wina kalata ikufika. NyaMaso akuitsegula ali kuchipinda, atavala chovala chogonera, tsitsi lili nyankhalala. Akuwerenga. Sakukuwa, sakugwa pansi. Akuipinda kalatayo bwinobwino, akuyala bedi, akukonza pilo wa mwamuna wake, kenako akukhala pansi, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Mphindi zitatu zathunthu popanda liwu. Pambuyo pake zaka zikudutsa, akukwatiwa ndi wina, ndipo palibe woonera amene angamuloze chala, chifukwa tonse tinali naye kuchipinda kuja.

Ndinatseka shedi n'kuyenda wapansi mpaka ku Chikale. Ndinawapeza achemwali akuanika kondowole.

"Achemwali, Loweruka mubwere ku bayisikopo."

"Ine? Pakati pa anthu? Yotamu, wayamba kumwa?"

"Mubwere basi. Tauni yonse ikakhalako. Akaona okha mmene mkazi amalirira mwamuna wofera kutali. Akatuluka ali ndi manyazi."

Anakana kawiri. A Chirwa ndi amene anawanyengerera, amvekere, "Tiyeni, mayi, mlamu wanga sangatiitanire chinthu choipa." Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Lachisanu kukalabu filimu inayenda yathunthu, ndipo ndinaona madona akupukuta m'maso ndi mahanki. Loweruka m'mawa Bwana Kaliwo analowa m'shedi ndikutsuka galasi.

"Gudumu lachiwiri, dona ali kuchipinda. Dula zonse."

"Bwana, pamenepo ndiye pali mtima wa nkhani. Palibe choipa chikuoneka, chovalacho n'chofika kumapazi."

"Dona wina wandifunsa dzulo ngati anthu ako aziona zimenezi. Ukufuna andilande chilolezo? Dula."

Ndinachonderera. Ndinafika pomuuza za achemwali, chinthu chimene sindinauzepo mzungu aliyense. Anandimvetsera akukoka kaliwo wake, n'kunena kuti, "Pepani kwa mlongo wako. Uwauze ndi pakamwa kuti mwamuna anafa. Si ndiwe katswiri?"

Ndinadula. Ndinadula bwinobwino ngati masiku onse, ndicho chimandinyansa. Ndinapala, ndinapaka simenti, ndinawerenga mpaka makumi atatu. Nthawi yothamangira ku Chikale kukawaletsa achemwali inalipo, ndisanamizire kutanganidwa. Sindinapite chifukwa ndinakhulupirira pakamwa panga. Ndinati ndikafotokoza bwino, anthu akamva.

Pofika thu koloko shedi inali itadzaza thothotho, thukuta lili kamukamu. Achemwali analowa atavala duku lawo la kutchalitchi, a Chirwa ali pambali. Anakhala pakati penipeni, poti ndi pamene ndinawasungira malo. Anthu anayamba kukodolana. Mzere wachitatu kumbuyo kwawo kunali a Mhone, mkulu wake wa malemu alamu anga.

Gudumu loyamba linayenda bwino. Anthu anamukonda NyaMaso, amayi ena anafuula "Yewo!" pamene ankakonzera mwamuna wake kamba wa paulendo. Ndinaika gudumu lachiwiri. Mwamuna akukweza dzanja kutsanzika. Polumikiza panga panadutsa pakakhomo, thi! Ndipo taonani, NyaMaso ali m'munda wa maluwa, akuseka ndi mwamuna wina.

Ndinakweza chitini changa. "Apa papita zaka zambiri. Mwamuna uja anafera kunkhondo. Kalata inabwera, mayiyu analira kwambiri."

"Analira liti?" Anali mayi wina kutsogolo.

"Analira, amama. Analira zedi, kuchipinda."

"Ife sitinaone!"

Ndinabwereza zomwezo. Pamenepo a Mhone anaimirira, mutu wawo n'kutchinga ngodya ya chinsalu. "Iwe Yotamu, usatipusitse! Ife tili ndi maso. Mwamuna wangonyamuka kumene, uyu mano ali pamtunda. Kalata, kalata! Kwanu nkhani zonse zimathera pa kalata eti?"

Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa, "Si NyaMaso uyu, ndi NyaManda!" Ena anawomba m'manja. NyaMaso atatulukira ndi diresi laukwati, anthu anali atatembenuka, akuonera achemwali anga m'malo moonera chinsalu.

Kachitini ka fodya kanali m'thumba la malaya anga. Switchi inali pafupi ndi chigongono changa. Ndikanatha kuzimitsa makina, n'kutulutsa chidutswa chija, n'kuwauza kuti onani chimene amakubisirani. Kulumikiza kwake n'kwa mphindi zochepa chabe. Ndinayang'ana kukhomo, ndinaona Bwana Kaliwo atapinda manja akundiyang'ana. Ndinaganiza za chifuwa changa chimene migodi inachikana, ndinaganiza kuti ntchito ina ndikaipeza kuti. Ndinasiya makina akuyenda.

Achemwali anaimirira. Sanathamange. Anakonza duku, n'kudutsa m'kuwala kwa makina, chithunzithunzi chawo n'kuphimba ukwati wonse pachinsalu. A Chirwa anawatsatira. Chitseko chitatseguka dzuwa linalowa, chithunzi n'kufufuma, ndipo anthu anakuwa kuti atseke msanga. Ine ndinapitiriza kufotokoza mpaka gudumu lomaliza. Potseka, Bwana Kaliwo anandisisita paphewa, amvekere, "Waona? Zayenda."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, kumene achemwali sanabwere, ndinapita ku Chikale ndi kachitini kaja. A Chirwa anandiyankha moni ndi mutu wokha, n'kulowa kuseri. Achemwali anali pakhonde akusenda vinangwa. Ndinagwada.

"Achemwali, ndinalakwa. Chimene ndinakuitanirani ndi ichi."

Ndinatambasula filimuyo n'kuilozetsa kudzuwa. Tizithunzi take n'tating'ono ngati chikhadabo, ndipo popanda makina situyenda. Anapukuta manja pachitenje, anaigwira m'mphepete monga ndinawasonyezera, n'kuyamba kuikoka pang'onopang'ono, diso limodzi atatsinzina. Anakoka nthawi yaitali, filimu ikuunjikana pamiyendo pawo.

"Apa akutani?"

"Akuyala bedi."

"Atawerenga kale kalata?"

"Eya."

Kenako anati, "Inenso ndinayamba ndasesa m'nyumba. Ndinasesa kawiri." Anakokanso pang'ono, mpaka pamene NyaMaso wakhala pansi. "Ameneyu akudziwa. Anamuuza ndani?"

Anaikulunga okha filimuyo, mosamala kuposa ine, n'kuibwezera m'kachitini.

"Ine kalata inandipeza m'mawa, ndisanavale bwino. Ndikanatuluka panja choncho kuti anthu aone? Ndinalira chitseko chili chotseka. Kudula sikunayambe ndi azungu ako, Yotamu. Koma iwe unali nacho m'thumba."

Sanakweze mawu. Anatola mpeni n'kupitiriza kusenda.

Patangotha miyezi iwiri, a Chirwa anapasula shedi yawo ya ukalipentala n'kusamuka ndi achemwali kupita ku Mzimba, kumene kunalibe wowadziwa. Ankabwera pa maliro okha. Sitinadane, ankandilandira bwino ndikapita, koma bayisikopo sanaiponderenso moyo wawo wonse.

Ine Lolemba lija ndinabwezeretsa chidutswacho filimu isanakwere sitima. Polumikiza pamatayika kachithunzi kamodzi kapena tiwiri, ndiye kamodzi ndinasunga. Kali m'Baibulo langa mpaka lero, nkhope ya NyaMaso msozi uli pakati pa tsaya. Ndinagwirabe kwa Bwana Kaliwo zaka zina zitatu, ndikudula Loweruka lililonse, mpaka iye anagulitsa makina n'kubwerera kwawo osatsanzika n'komwe. Ntchito imene ndinagulitsira mlongo wanga inatha choncho.

Adzukulu anga amandiikira mafilimu akale aja pa TV, athunthu, opanda chodula. Ndimawakondabe, ndipo ndimawauza kuti asiye kuyang'ana mafoni, aone mmene mayi uja amagwiritsira ntchito maso. Koma chimene ndinatenga m'shedi muja si luso la lumo. Anthu akazungulira munthu n'kumati taona ndi maso athu, ine ndimafunsa kuti chidutswa chimene sanaone chili m'thumba mwa yani. Chikakhala m'thumba mwanga ndimachitulutsa pomwepo, bwana ayang'ane asayang'ane. Ndinachedwa nazo ndi Loweruka limodzi, ndipo achemwali anga anaikidwa ku Mzimba.